Mlenje Amayamba ndi Maso

Nkhani iyi ili ndi magawo 7. Aphunzitsi kapena makolo awerenge gawo limodzi pa tsiku. Ana amvetsere bwino, kenaka ayankhe mafunso.

GAWO 1: NDANI AKUDYA MTEDZA?

Mphatso ndi mnyamata wa zaka 7. Ali m'kalasi yoyamba. Kwao ndi ku Angónia, m'mudzi wa pafupi ndi Ulongwe. Mphatso ali ndi mlongo wake. Dzina lake ndi Rosa. Rosa ali ndi zaka 9. Ana awa amakhala ndi Amayi ndi Agogo.

Inali nyengo ya masika. Mvula inali itatha. Amayi anakumba mtedza wao. Anauyanika kumunda, pafupi ndi mitengo ya masuku.

Mtedza umenewu unali ndi nchito zitatu. Wina unali wa nsinjiro. Wina unali wogulitsa, kuti ana apeze makope ndi mapensulo. Wina unali wa mbeu.

Tsiku lina masana onse anapita kukaona mtedza. Amayi anaima. Anagwira pakamwa. Mulu wa mtedza unali utacepa. Pansi pa mtengo panali makoko okhaokha.

"Mayo ine!" anatero Amayi. "Mbeu yanga ikutha. Mvula ikadzagwa ndidzabzala ciani?"

"Kapena ndi makoswe, Amayi," anatero Rosa.

Agogo anapukusa mutu. "Khoswe amaba usiku," anatero. "Koma m'mawa muno mulu unali wonse. Wakuba uyu amayenda dzuwa likuwala. Khalani pansi, ana inu. Khalani cete, muone."

Ana anakhala pansi. Anakhala cete. Posacedwa kanyama kanatsika mumtengo. Kanali ndi mcira waukulu waubweya. Kanatola mtedza umodzi. Kanathamanga, kanakwera, kanakhala pa nthambi. Kanagwira mtedza ndi timanja tiwiri, n'kuyamba kukukuta.

"Gologolo!" anafuula Mphatso.

Gologolo anataya mtedza. Anathawa. Sanaonekenso tsiku limenelo.

Mafunso
1. Kodi Amayi anayanika kuti mtedza?
2. Chulani nchito zitatu za mtedza wa Amayi.
3. Cifukwa ciani gologolo anathawa?

GAWO 2: GOLOGOLO

Gologolo ndi kanyama ka m'mitengo. Akakhala ambiri ndi agologolo. Amapezeka m'madera ambiri a Moçambique. Ku cigwa ca Zambezi, kumene kumatentha, alipo ambiri m'mitengo ya tsanya.

Gologolo ndi wamng'ono. Kucokera pa mphuno kufika ku nsonga ya mcira ndi masentimita pafupifupi 35. Theka la utali umenewu ndi mcira. Amalemera magalamu pafupifupi 200, ngati lalanje limodzi lalikulu.

Gologolo ali ndi zikhadabo zakuthwa. Nazo amakwera mtengo msanga. Ali ndi mano akutsogolo olimba. Mano amenewa amakula moyo wake wonse. N'cifukwa cake gologolo amakukuta zinthu zolimba tsiku ndi tsiku.

Nyumba ya gologolo ndi mphako ya mtengo. M'mphako amayalamo masamba ndi udzu. Usiku banja lonse limagona pamodzi. M'mawa agologolo amatuluka kukaothera dzuwa. Akafundidwa amayamba kufuna cakudya. Dzuwa likafika pamutu amapumula. Likapendeka amatulukanso.

Gologolo amadya njere, zipatso, maluwa ndi tizilombo. Amakondanso mtedza ndi cimanga. Njere zina amakwirira pansi kuti adzadye tsiku lina. Zina amaziiwala. Mvula ikagwa njerezo zimamera. Motero gologolo amabzala mitengo.

Gologolo akaona njoka kapena kabawi amalira kwambiri: "Ci-ci-ci-ci!" Amagwedeza mcira. Anzake amamva. Mbalame zimamva. Anthu nawonso amamva, n'kucenjera.

Gologolo wamkazi amabala ana 1, 2 kapena 3. Kawirikawiri amabala ana 2. Amawayamwitsa m'mphako.

Mafunso
1. Kodi gologolo amagona kuti?
2. Kodi gologolo amabzala bwanji mitengo?
3. Kodi amacita ciani akaona njoka?

GAWO 3: MFUTI YA AMALUME

Amayi anatumiza mau kwa mlongo wao. Lacisanu masana Amalume anafika pa njinga. Ana anathamanga kukawalandira. Rosa anagwada.

"Takulandirani, Amalume," anatero.

"Zikomo, ana inu. Kodi muli bwanji?"

"Tili bwino, kaya inu, Amalume?"

Rosa analandira thumba la mcere. Pa njinga panatsala cinthu cina cacitali, cokulunga m'nsalu. Mphatso anatambasula dzanja.

"Leka!" anatero Amalume. "Ici mwana sanyamula."

Mphatso anabweza dzanja. Anacita manyazi.

Atamwa madzi, Amalume anakhala pa mpando. Anamasula nsalu. Munali mfuti. Analozetsa mfutiyo pansi.

"Iyi ndi mfuti ya mpweya," anatero. "Ilibe wonga. Ilibe moto. Mphatso, kodi mpope wa njinga umaudziwa?"

"Inde, Amalume. Ukaukankha umatulutsa mpweya."

"Mfuti iyi imagwira nchito comweco. M'kati mwake muli waya wolimba wopota. Ndikapinda paipi ya mfuti, waya umapanikizika. Ndikakhethemula, waya umatambasuka mwamphamvu. Umakankha mpweya. Mpweya umakankha kacipolopolo."

Amalume anatsegula kacitini. Munali tizipolopolo tating'ono, totuwa. Kamodzi kanali kakang'ono kuposa njere ya cimanga.

Mphatso anaseka. "Kakang'ono comweci? Ndiye ndi coseweretsa!"

Amalume sanaseke. Anatenga citini cakale. Anaciika patsogolo pa culu. Anauza ana kuti aime kumbuyo kwao. Anaombera. Thaa! Citini cinagwa.

Mphatso anatola citini. Cinali ndi bowo.

"Citini ndi colimba," anatero Amalume. "Nanga diso lako? Nanga diso la Rosa?"

Mphatso anagwira diso lake. Sanasekenso.

Mafunso
1. Kodi n'ciani cimene cimakankha kacipolopolo?
2. Kodi citini cinatani?
3. Kodi mfuti ya mpweya ndi coseweretsa?

GAWO 4: ZALA ZISANU, MALAMULO ASANU

"Amalume, ine ndikufuna kukhala mlenje," anatero Mphatso. "Mundiphunzitse kuombera."

"Kuombera ndi komaliza," anatero Amalume. "Mlenje amayamba ndi maso. Amayamba ndi makutu. Mfuti imabwera munthu atakula. Tambasula cikhatho cako. Tiwerenge malamulo pa zala."

Mphatso anatambasula cikhatho. Rosa nayenso anatambasula cake.

Cala coyamba: Mwana sagwira mfuti.

Cala caciwiri: Mfuti siloza munthu, ngakhale ikhale yopanda cipolopolo.

Cala cacitatu: Cala sicikhala pokhethemulira nthawi yoombera isanafike.

Cala cacinayi: Mlenje amayamba waona cimene cili kuseri kwa nyama.

Cala cacisanu: Mfuti silowa m'nyumba ili ndi cipolopolo.

Ana anabwereza malamulo katatu. Agogo anamvetsera ali pa mphasa.

"Nanga legeni yanga?" anafunsa Mphatso.

"Legeni nayonso imaphulitsa diso," anatero Amalume. "Siloza munthu. Ndipo mwini wake amaona kuseri."

Kenaka Amalume anatenga katoni yakale. Anajambulapo kabwalo ndi khala. Kabwaloko kanali ngati citsekero ca botolo. Anaimika katoni patsogolo pa culu. Dothi la culu ndilo limaimitsa kacipolopolo.

"Mphatso, werenga mapazi anga," anatero.

Mphatso anawerenga mpaka 20. Amalume anakhala pansi. Ana anakhala kumbuyo kwao. Amalume anaombera kasanu. Atatha, anapinda mfuti kuti onse aone kuti ilibe kanthu. Ndipo anapita kukaona katoni.

Tizipolopolo 3 tinalowa m'kabwalo. Tiwiri tinapita pambali.

"Mwakhoza, Amalume!" anatero Rosa.

"Sindinakhoze," anatero Amalume. "Ndikaphonya pang'ono, gologolo abvulala. Athawa ndi bala. Akafera m'mphako akumva ululu. Mlenje wabwino sazunza nyama."

Amalume anajambula kabwalo kena. Anayesanso. Anayesanso kacitatu. Dzuwa likulowa, tizipolopolo tonse 5 tinalowa m'kabwalo.

"Tsopano ndakonzeka," anatero.

Mafunso
1. Chulani malamulo asanu pa zala zanu.
2. Cifukwa ciani Amalume anaimika katoni patsogolo pa culu?
3. Cifukwa ciani Amalume anayesanso?

GAWO 5: AMALUME ATSITSA MFUTI

Loweruka m'mamawa Amalume anadzutsa Mphatso. Kunja kunali kuzizira. Udzu unali ndi mame. Anayenda mwakacetecete kupita kumunda. Amalume anali patsogolo. Mfuti inaloza pansi. Mphatso anali pambuyo.

Anakhala pa tsinde la mtengo. Anadikira.

Nyerere inakwera pa mwendo wa Mphatso. Iye anafuna kudumpha. Anakumbukira tsiku lija anafuula. Anaicotsa pang'onopang'ono.

"Amalume, akucedwa," ananong'ona.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," ananong'ona Amalume. "Penya ndi maso. Mutu usagwedezeke."

Dzuwa linatuluka. Linawala pa nthambi za masuku. Mphatso anaona tsamba likugwa. Koma kunalibe mphepo. Anayang'ana pamwamba. Anaona mcira.

Anakhudza mkono wa Amalume. Analoza ndi milomo.

Gologolo anakhala pa nthambi yapansi. Anali kuothera dzuwa. Anali pafupi. Amalume anaika kacipolopolo. Anakweza mfuti pang'onopang'ono. Mtima wa Mphatso unagunda: gu, gu, gu.

Koma Amalume sanaombere. Anatsitsa mfuti. Anailozetsa pansi.

Gologolo anadumpha. Analowa m'masamba. Anapita.

Mphatso anakwiya. Misozi inalengeza m'maso.

"Amalume, bwanji simunaombere? Anali pafupi! Adya mtedza wonse wa Amayi!"

"Kuseri kwa nthambi ija kuli ciani?" anafunsa Amalume.

"Kuli udzu."

"Nanga kuseri kwa udzu?"

Mphatso anaganiza. "Kuli njira ya ku citsime."

Asanatseke pakamwa, udzu unagwedezeka. Munatuluka ndowa. Pansi pa ndowa panali mutu wa Rosa. Iye anali kucokera ku citsime. Anali kuyenda m'njira yomwe ija, kuseri kwa nthambi.

Mphatso anazizidwa thupi lonse.

"Kodi munamuona, Amalume?"

"Sindinamuone. Udzu ndi wautali. Koma njira ndinaidziwa. Kumene sindikuona, sindiomberako. Gologolo abwera madzulo. Diso la Rosa likanaphulika, silikanabwera."

Rosa anafika. "Mwapha?" anafunsa.

"Ayi," anatero Mphatso. Anaimirira. Anathandiza mlongo wake kutula ndowa kuti apumule.

Mafunso
1. Kodi Mphatso anadziwa bwanji kuti mumtengo muli gologolo?
2. Kodi kuseri kwa udzu kunali ciani?
3. Kodi Amalume anatsata lamulo la cala citi?

GAWO 6: MASO A MPHATSO

Masana Amalume anapumula. Anatsekera mfuti m'bokosi. Kacitini ka tizipolopolo anaika m'thumba la malaya ao.

Mphatso anapempha Agogo kuti apite naye kumunda. Sanatenge legeni. Anangokhala pansi n'kumapenya. Anapenya nthawi yaitali.

Anaona agologolo 4. Anaona njira yao. Amatsika pa msuku waukulu. Amatola mtedza. Mmodzi amakonda kukhala pa cipika cakugwa. Kuseri kwa cipikaco kunali culu cacikulu.

Mphatso anazungulira culu. Kunalibe njira. Kunalibe nyumba. Kunalibe mbuzi. Anathamangira kwao. Anagwada pafupi ndi Amalume.

"Amalume, ndapeza malo. Gologolo amakhala pa cipika. Kuseri kuli culu."

Amalume anamwetulira. "Tiye ukandionetse."

Asananyamuke, Amalume anauza Amayi, Agogo ndi Rosa kumene akupita. Anati munthu asapite kumunda mpaka iwo atabwera.

Dzuwa linapendeka. Awiriwo anakhala mapazi 20 kucokera pa cipika. Anadikira. Ulendo uno Mphatso sanalankhule.

Gologolo anatsika. Anatola mtedza. Anakwera pa cipika. Amalume anamuyang'anitsitsa.

"Ndi wamphongo," ananong'ona. "Akanakhala woyamwitsa ndikanamuleka. Ana ake akanafa ndi njala."

Amalume anakweza mfuti. Anaona gologolo. Anaona culu kuseri kwake. Anaombera kamodzi. Thaa!

Gologolo anagwa. Sanagwedezekenso. Anzake anathawira m'mitengo akulira.

Amalume anapinda mfuti. Inali yopanda kanthu. Anapita kukatola nyama. Mphatso anaiyang'ana. Inali yaing'ono. Ubweya wake unali wofewa. Mphatso anakhala cete pang'ono.

"Ndani wapha?" anafunsa Agogo atafika kunyumba.

"Mfuti ndi yanga," anatero Amalume. "Koma maso ndi a Mphatso."

Mafunso
1. Kodi Mphatso anaona agologolo angati?
2. Cifukwa ciani malo a pa cipika anali abwino?
3. Cifukwa ciani mlenje amaleka gologolo woyamwitsa?

GAWO 7: MBEU YAPULUMUKA

Amalume anawaula gologolo pa moto. Anacotsa matumbo. Anafunafuna kacipolopolo mpaka anakapeza. Anakacotsa pamodzi ndi nyama ya pa bala.

"Aka ndi ka mtovu," anatero. "Mtovu ndi poizoni. Sulowa m'kamwa. Sulowa mumphika."

Anasamba m'manja ndi sopo. Amayi anaphika nyama mpaka inapsa bwino. Aliyense analandira kanthuli kakang'ono. Anadyera nsima.

"Mawa tikaphe atatu otsala," anatero Mphatso.

"Ayi, mdzukulu wanga," anatero Agogo. "Ukawatha onse, adzakuuza ndani kuti mumtengo muli njoka? Adzabzala ndani mitengo ya kuthengo?"

"Nanga mtedza wa Amayi?"

"Mfuti siingalonde mtedza," anatero Amalume. "Ine ndikupita mawa. Ukapha gologolo mmodzi, wina amabwera. Mtedza ucoke pafupi ndi mitengo."

M'mawa mwake onse anapita kumunda. Anatuta mtedza ndi madengu. Anauyanika pa mikeka pakhomo, kutali ndi mitengo. Ana anaulonda mosinthana. Galu anagona pafupi. Mtedza utauma, Amayi anauthira m'matumba. Anasunga matumba m'nyumba, pamwamba pa thandala.

Amayi anapatula thumba limodzi. Analimanga bwino.

"Iyi ndi mbeu," anatero. "Mvula ibwere tsopano."

Lolemba Mphatso anapita ku sukulu. Pa nthawi yopuma, mnzake wina anatulutsa legeni. Anafuna kugenda mbalame pa mpanda. Mphatso anamugwira mkono.

"Dikira, mnzanga," anatero. "Kuseri kuli ciani?"

Mnzakeyo anayang'ana. Kuseri kwa mpanda kunali atsikana atatu. Anali kusewera phada. Iye anabweza legeni m'thumba.

Mafunso
1. Cifukwa ciani Amalume anacotsa kacipolopolo m'nyama?
2. Kodi banja linapulumutsa bwanji mbeu?
3. Kodi Mphatso anamufunsa ciani mnzake?

NCHITO YA M'KALASI

A. Werengani mokweza.

ga ge gi go gu
la le li lo lu
go lo go lo
gologolo

B. Werengani mau awa. Ombani m'manja pa phatikizo lililonse.

galu
gula
gule
lola
gologolo

C. Malizani mau awa.

go _ go lo
ga _
_ la

D. Werengani ziganizo izi. Kenaka zilembeni m'kope.

Galu waona gologolo.
Gologolo ali pa culu.
Mwana sagwira mfuti.

E. Masamu.

1. Mphatso anaona agologolo 4. Amalume anapha 1. Kodi anatsala angati?
2. Amalume anaombera kasanu. Tizipolopolo 3 tinalowa m'kabwalo. Kodi tingati tinapita pambali?
3. Gologolo anakwirira njere 6. Anadya 4. Kodi zinatsala zingati kuti zimere?

F. Cilape! Nacize!

Ali ndi tsace kumbuyo, koma sasesa pabwalo. Ndani?

G. Jambulani cikhatho canu pa pepala. Lembani manambala 1, 2, 3, 4, 5 pa zala. Kunyumba, uzani makolo lamulo la cala ciliconse.

H. Mau m'Cinyanja ndi m'Cipwitikizi.

gologolo: esquilo
mlenje: caçador
mtedza: amendoim
mtengo: árvore
maso: olhos
njira: caminho

KWA MAKOLO NDI ABALE

Phunziro ili siliphunzitsa mwana kuombera. Likuphunzitsa mwana kupenya, kudekha ndi kufunsa kuti, "Kuseri kuli ciani?" Ana ambiri a m'midzi amayamba ulenje ndi legeni ndi misampha ali aang'ono. Ena amaona mfuti ya mpweya kwa abale ao. Ndi bwino kuti amve malamulo ake kunyumba asanaikhudze mobisa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Za mfuti ya mpweya. M'Cipwitikizi dzina lake ndi arma de pressão de ar. Tizipolopolo take tofala ndi ta mamilimita 4,5 ndi 5,5. Mfutiyi silira kwambiri, ndipo anthu ena amaiyesa yofooka. Koma imaboola khungu, imaphulitsa diso, ndipo ikalasa pa mutu, pa khosi kapena pa cifuwa ingathe kupha, makamaka mwana. Kacipolopolo kakaphonya kangathe kuuluka mamita oposa 200. Kakamenya mwala, citsulo kapena madzi kangathe kunjanja n'kupita kwina. N'cifukwa cake woombera amafuna dothi lofewa kuseri, monga culu, ndipo saombera kuloza njira, nyumba, ziweto kapena udzu umene sakuona kuseri kwake.

Za munthu wamkulu amene akuyamba. Ayambe ndi kuyesa pa pepala, osati pa nyama. Mutu wa gologolo ndi waung'ono, ndipo malo olasapo ndi ngati citsekero ca botolo. Amene sangathe kulasa kabwalo kotero kasanu motsatizana asanapite kuthengo. Mtunda wabwino woyambira ndi mamita 15 mpaka 20. Nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa litangotuluka ndi madzulo lisanalowe. Mowa ndi mfuti siziyendera limodzi.

Za kasungidwe. Mfuti ikhale yopanda cipolopolo, yotsekeredwa. Tizipolopolo tikhale kwina. Mwana asadziwe pamene pali kiyi. Tizipolopolo tambiri ndi ta mtovu. Mtovu umaononga ubongo wa mwana, ngakhale utalowa m'thupi pang'ono. Mwana asaseweretse tizipolopolo. Wamkulu asatisunge m'kamwa poombera, ndipo asambe m'manja asanadye.

Ngozi ikacitika. Bala la kacipolopolo limaoneka laling'ono kunja, koma lingathe kukhala lakuya. Wobvulala apite ku cipatala msanga, ngakhale akunena kuti sakumva ululu. Ngati ndi diso, asalitikite, asalifinye, ndipo munthu asayese kucotsa kacipolopolo. Asathiremo mankhwala ena alionse. Aliphimbe mosapanikiza n'kunyamuka nthawi yomweyo.

Za gologolo. Ana asapise dzanja m'mphako. Gologolo amaluma, ndipo m'mphako mumakhalanso njoka. Nyama yopezeka itafa yokha isadyedwe. Nyama ya kuthengo ipse bwino isanadyedwe.

Za malamulo a dziko. Ku Moçambique ulenje uli ndi malamulo ake, ndipo mlenje amafunika cilolezo. Amene akufuna kugula mfuti kapena kusaka nayo ayambe wafunsa ku polisi ndi kwa oyang'anira nkhalango ndi nyama. M'mapaki a dziko kusaka n'koletsedwa. Ena mwa mapakiwa ndi Mágoè, m'cigawo ca Tete, imene inakhazikitsidwa mu 2013, ndi Gorongosa, m'cigawo ca Sofala. Kutentha thengo pofuna nyama kumaononga mitengo, minda ndi nyumba, ndipo lamulo limaletsa.

Za zida zakale. Lamulo la cala coyamba limakhudzanso zinthu zimene ana amatola kuthengo. Nkhondo ya m'dziko inatha ndi pangano la mtendere la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Mu 2015 boma linalengeza kuti malo onse odziwika a mabomba okwirira anayeretsedwa. Komabe zipolopolo ndi mabomba akale nthawi zina amapezekabe m'nthaka. Mwana akaona citsulo cacilendo asacigwire, asacigende ndipo asaciponye pa moto. Abwerere m'njira yomwe wabwerera, akauze munthu wamkulu. Wamkuluyo akauze amfumu ndi apolisi.

Zocita pamodzi. Tsiku lina m'mawa kholo lipite ndi mwana pafupi ndi mitengo, opanda mfuti ndi legeni. Akhale cete mpaka dzuwa litatuluka. Pobwerera mwana anene nyama ndi mbalame zimene waona, malo amene zinali, ndi cimene cinali kuseri kwake. Mawa lake akafotokozere anzake m'kalasi.